Sukulu ya Amisiri Imangidwe Pafupi ndi Nchito

Pa 1 Meyi, pamene anchito a m'mizinda yathu amayenda pa mzere atanyamula zikwangwani zao, ife Akatolika timakumbukira Yosefe Woyera, mmisiri wa ku Nazareti. Amene anakhazikitsa cikondwerero cimeneci ndi Papa Pius XII m'caka ca 1955. Pa tsikuli timaimba mokoma ndi kumva ulaliki wabwino wonena za ulemu wa nchito ya manja. Koma tikabwerera ku nyumba ndi kukhala pansi kuti tikambirane za mwana amene watsiriza sekondale, nyimbo ija imasintha. Mwana akakhoza bwino timati apite ku yunivesite akakhale loya kapena dokotala. Akakhoza pang'ono timati ayese uphunzitsi kapena unamwino. Akalephera timapumira m'mwamba ndi kunena kuti, "Basi, angopita ku Trades." Potero nchito ya bambo amene analera Yesu taisandutsa dzala lotayako otsala.

Komatu umisiri umene tikuupeputsawu sulinso wa sowo ndi nyundo zokha ai. M'mafakitale a makono citsulo cimasemedwa ndi makina olamulidwa ndi kompyuta, amene amatsata muyeso wocepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Maloboti ndiwo amaocherera zitsulo ndi kupaka utoto. Munthu wofunika kopambana pa malo otere ndi uja amadziwa cocita makinawo akaima mwadzidzidzi, pakuti mphindi iliyonse imene fakitale yakhala cete ndi ndalama zotayika. Munthu ameneyu ayenera kudziwa magetsi, masamu, kuwerenga mapulani ndi kulankhula ndi kompyuta. Kodi munthu wotere amaphunzitsidwa kuti? Amaphunzira pa makina a yani, nanga amalipira ndani? Mwezi uno tiyambe taponya maso kutali, ku America, kumene akhala akulimbana ndi mafunso amenewa kwa zaka zambiri, ndipo adyako zokoma ndi zowawa zomwe.

Ku dziko limenelo kuli mtundu wa sukulu umene amaucha community college. Ndi koleji ya maphunziro a zaka ziwiri, yomangidwa pakati pa anthu a m'dera, yolipiritsa ndalama zocepa poyerekeza ndi yunivesite, ndipo kawirikawiri siikana munthu amene watsiriza sekondale. Ophunzira ambiri amagona kwao, ena ndi makolo a ana, ena amagwira nchito usana ndi kuphunzira madzulo. Yakale kwambiri mwa makoleji a boma otere ndi ya ku Joliet, m'cigawo ca Illinois, imene inayamba mu 1901 ndi ophunzira 6 okha. Dzina lakuti community college linafala pambuyo pa lipoti la komiti imene Pulezidenti Truman anaika, lomwe linatuluka mu 1947. Lero makoleji otere alipo pafupifupi 1,000. Cimene cimawasiyanitsa ndi yunivesite ndi cakuti iwo amayenera kuyang'ana pa khomo pao: ngati dera lili ndi zipatala zambiri aphunzitse anamwino, ngati lili ndi mafakitale aphunzitse amisiri.

Tiime pang'ono pa tauni ya Georgetown, m'cigawo ca Kentucky. Kampani ya Toyota inayamba kupanga galimoto kumeneko mu 1988, ndipo fakitale yakeyo inakula mpaka kukhala ndi anchito zikwizikwi ndi mphamvu yotulutsa galimoto zoposa 500,000 pa caka. Patapita zaka, akuluakulu a fakitale anaona vuto limene ifenso timalidziwa. Amisiri akale anali kukalamba, ndipo acinyamata ocokera m'makoleji ankabwera ndi mapepala abwino koma manja osadziwa makina. Wina anaphunzira magetsi okha, wina zitsulo zokha, pamene makina akaonongeka sanena kuti vuto lili mbali iti. Mu 2010 Toyota ndi koleji ya m'deralo yochedwa Bluegrass Community and Technical College, pamodzi ndi makampani ena ocepa, anayamba njira ina yophunzitsira, imene inadzadziwika ndi dzina lakuti FAME.

Kacitidwe kake nkosavuta kufotokoza. Wophunzira amasankhidwa ndi kampani asanayambe sukulu. Pa mlungu amakhala masiku awiri ku koleji, masiku atatu ku fakitale, ndipo pa masiku atatuwo amalandira malipiro monga wanchito. Zimatero kwa pafupifupi zaka ziwiri. Zimene wamva m'kalasi lero amazigwira ndi manja mawa lake, ali pambali pa mmisiri wamkulu amene wapatsidwa udindo womuyang'anira. Malo ophunzirira nawonso anawakonza ngati fakitale yeniyeni, osati kalasi la mabenci ndi bolodi. Wophunzirayo samangidwa pa luso limodzi: amaphunzira magetsi, makina oyenda ndi mphamvu ya mafuta ndi mpweya, kukonza ziwalo za makina, kuocherera ndi kulamula maloboti.

Pali cina cimene catikhudza mtima powerenga za njira imeneyi. Gawo lalikulu la maphunzirowo si la makina konse, koma la khalidwe. Kufika pa nthawi yake. Kusamala moyo wako ndi wa mnzako pa nchito. Kubwezera cipangizo ciliconse pa malo ake. Kuimirira pamaso pa anzako ndi kufotokoza momveka bwino cimene caonongeka ndi cifukwa cake. Kufunsa kuti "cifukwa ciani" kangapo mpaka utapeza gwero la vuto, m'malo momangirira ndi waya kuti tsiku lithe. Izitu ndi zimene agogo athu osula makasu ankaphunzitsa mwana wopukusa mvukuto, ndipo ndi zimene banja lacikhristu lingathe kuyamba kuphunzitsa popanda kugula makina alionse. M'mera mpoyamba.

Njirayo itaoneka kuti ikubala zipatso, boma la Kentucky linamanga nyumba yaikulu yophunzitsiramo umisiri wa makono ku Georgetown komweko, ya ndalama zokwana madola 24 miliyoni, imene inatsegulidwa mu 2017. Taonani ndondomeko yake, abale: panayamba nchito, kenaka mgwirizano wa olemba nchito ndi aphunzitsi, ndipo nyumba inabwera pambuyo. Mu 2019 Toyota inapereka FAME m'manja mwa bungwe la eni mafakitale a m'dziko lonselo kuti ifalikire ku zigawo zina. Kafukufuku wa mabungwe a Opportunity America ndi Brookings, amene anatuluka mu 2020, anapeza kuti mwa ophunzira 100 a FAME ku Kentucky pafupifupi 80 ankatsiriza maphunziro, pamene mwa anzao a maphunziro ofanana nao otsiriza sankafika 30. Anapezanso kuti patapita zaka zisanu malipiro a otsiriza FAME anali pafupifupi kuwirikiza kawiri a anzaowo. Tisaiwale kuti ophunzira a FAME amacita kusankhidwa, motero si zonse zimene tingayamikire njirayo. Komabe munthu amene akudya za thukuta lake akali pa sukulu, ndipo akuiona ndi maso nchito imene ikumudikira, sathawa sukulu msanga.

Tsono tisatengeke ndi cikomekome ca nkhuyu. M'dziko lomwelo muli nkhani ziwiri zimene aliyense wofuna kumanga sukulu ya amisiri ayenera kuzimva, ndipo zonse ziwiri zinacitika m'cigawo ca Wisconsin. Mu 2017 kampani ya ku Taiwan yochedwa Foxconn inalonjeza kumanga fakitale ya madola 10 biliyoni ndi kulemba anthu 13,000. Atsogoleri anaomba m'manja, mabanja ena anasamutsidwa pa malo ao, miseu inakuzidwa, ndipo koleji ya m'deralo, Gateway Technical College, inakuza nyumba yake yophunzitsiramo ndi thandizo la boma kuti ikonzekeretse anchito. Pofika 2021 pangano linalembedwanso, ndipo nchito 13,000 zija zinatsika kufika pa 1,454. Mwamwai deralo linali ndi mafakitale ena akale amene akanatha kulandira ophunzirawo. Likanakhala dera lodalira lonjezo limodzi lokhalo, bwenzi makina atsopanowo akungosonkhanitsa fumbi.

Nkhani yaciwiri njowawa koposa. Ku Janesville kampani ya General Motors inaleka kupanga galimoto zake mu Disembala 2008, masiku awiri Khrisimasi isanafike, pa fakitale imene inadyetsa tauniyo kwa zaka pafupifupi 90. Ambiri mwa ocotsedwa nchito anathamangira ku Blackhawk Technical College kukaphunzira maluso atsopano, monga momwe aliyense wanzeru akanawalangizira. Mtolankhani Amy Goldstein, amene analemba buku lonena za tauniyo mu 2017, atafufuza pamodzi ndi akatswiri anapeza cinthu cododometsa: m'zaka zoyamba, amene anabwerera ku sukulu zinthu sizinawayendere bwino kuposa amene sanabwerere, ndipo ambiri ankalandira zocepa. Aphunzitsi sanali aulesi. Kungoti sukulu siibala nchito. Ingathe kunola munthu, koma ngati m'deralo mulibe womulemba, setifiketi imangokhala m'sutikesi.

Ife a mu Zambia sitifunika kuuzidwa zambiri pa mfundo imeneyi. Tinali ndi fakitale yomanga galimoto ku Livingstone, ya mabatire ku Mansa, ya magalasi ku Kapiri Mposhi, ya nsalu ya Mulungushi ku Kabwe imene inatseka mu 2007, ndiponso ya njinga ya Luangwa Industries ku Chipata. A ku Luanshya akukumbukira zimene zinawaonekera mgodi utaima m'caka ca 2000. M'maparishi athu muli amuna okalamba odziwa bwino makina osemera zitsulo amene anatsirizira moyo wao wa nchito akugulitsa makala.

Mbiri ya maphunziro a umisiri m'dziko lathu ili ndi mfundo imene imagwirizana ndi za ku Kentucky. Pa nthawi ya atsamunda, kuphunzira umisiri weniweni pansi pa mmisiri wamkulu kunali kwa azungu. Munthu wakuda ankaloledwa kunyamula bokosi la zipangizo koma osati kukhala mwini wa lusolo, ndipo khomo linatseguka ufulu uli pafupi. Titalandira ufulu mu 1964 tinali ndi amisiri ocepa zedi. Boma linaitana katswiri wa ku Canada dzina lake Saunders, amene lipoti lake la mu 1967 linalangiza kuti acinyamata aziphunzira umisiri m'masukulu a boma kwa nthawi yonse asanayambe nchito. Uphunguwo unali ndi nzeru pa nthawi yake, popeza njira yakale ija inali yodzala ndi tsankho. Masukulu a Trades anamangidwa ndi kukuzidwa m'zigawo. Koma pang'ono ndi pang'ono kalasi ndi fakitale zinatalikirana. Migodi inapitiriza kuphunzitsa amisiri ake m'masukulu akeake m'masiku a ZCCM, ndipo amisiriwo anachuka mpaka kunja kwa dziko. Migodi itagulitsidwa, nchito imene inatsirizika mu 2000, mwambo umenewo unafooka.

Mu 1998 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo limene linabala bungwe la TEVETA, loyang'anira masukulu a umisiri, kuwalembetsa ndi kuyesa ophunzira ao. Kuyambira mu Janyuwale 2017 olemba nchito amapereka msonkho wa maluso, K5 pa K1,000 iliyonse imene amalipira anchito, ndipo lamulo limati ndalamayi icoke m'thumba la wolemba nchito, osati pa malipiro a wanchito. Ndalama za citukuko ca m'madera a aphungu, zimene timazidziwa kuti CDF, zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, ndipo gawo lina la ndalamazo limalipirira acinyamata ophunzira maluso. Zotsatira zake tikuziona: masukulu a Trades adzaza. Ici ncoyamika. Koma kudzaza kwa kalasi kuli ndi vuto lake. Makina amene anagulidwira ophunzira khumi sangaphunzitse makumi asanu. Ena amangoonerera pa mapewa a anzao, ndipo amatsiriza caka atagwira cipangizo kawiri kapena katatu.

Makina a makono ali ngati ng'ombe ya mkaka: mtengo wogulira ndi ciyambi cabe. Amafuna magetsi osadukaduka, ndipo tonse tikukumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi a ku Kariba ndipo madera ambiri ankakhala mu mdima maola oposa 20 pa tsiku. Amafuna ziwalo zosinthira, zimene zambiri zimagulidwa kunja. Amafuna zitsulo zoti ophunzira aziononga pophunzira, pakuti palibe amene anadziwa kuocherera osaononga citsulo. Koposa zonse amafuna mphunzitsi amene anawagwiritsapo nchito, ndipo mphunzitsi wotere mgodi ungamulipire kangapo kuposa koleji. Nchifukwa cake mwambo wodula riboni pa nyumba yatsopano sutisangalatsa kwenikweni tisanamve kuti makinawo adzawadyetsa ndani caka camawa.

Sikuti kwathu kuno kulibe zitsanzo zabwino. Ku Ndola, koleji ya NORTEC inagwirizana ndi kampani ya Volvo, boma la Sweden ndi bungwe la UNIDO pophunzitsa okonza makina akuluakulu a m'migodi ndi a pa miseu, pa zipangizo zofanana ndi zimene ophunzirawo adzazipeza ku nchito. Ku Solwezi mgodi wa Kansanshi wakhala ukuthandiza kuphunzitsa amisiri pa sukulu ya Trades ya kumeneko. Ku Mufulira mgodi wa Mopani unamanga malo akeake ophunzitsira. Paliponse pamene wolemba nchito walowa m'kalasi ndi kunena cimene akufuna, maphunziro amakhala ndi mano. Dziko lathu likufuna kuti pofika 2031 lizitulutsa matani 3 miliyoni a mkuwa pa caka, pamene mu 2024 linatulutsa oposa pang'ono 800,000. Mu Epulo 2022 Zambia ndi Congo anasainirana pangano lofuna kupanga zipangizo za mabatire a galimoto zamagetsi. Koma mkuwa wathu wambiri umacokabe m'dziko usanasandulike kanthu, ngakhale kuti fakitale ya ZAMEFA ku Luanshya yakhala ikusonyeza kwa zaka zambiri kuti tingathe kuusandutsa mawaya ndi nthambo za magetsi. Malonjezo amenewa akadzakwaniritsidwa, kodi oyendetsa makinawo adzakhala ana athu, kapena tidzaitananso alendo ife n'kumanyamula bokosi la zipangizo monga kale?

Mpingo suli mlendo pa nkhaniyi. Yohane Bosco Woyera, poona anyamata amene ankathamangira ku Torino kukafuna nchito m'masiku amene mafakitale ankayamba ku Italy, sanayambe ndi kumanga nyumba. Anayamba ndi kuyendera eni nchito ndi kulemba nao mapangano. Pangano lina, la pa 8 Febuluwale 1852, likusungidwa mpaka lero. Linali la mnyamata wophunzira ukalipentala kwa zaka ziwiri, ndipo analisaina anali mmisiri, mnyamatayo, bambo wake ndi Don Bosco mwini. Mmisiri analonjeza kumuphunzitsa lusolo moona, kusamutuma nchito zosakhudza umisiriwo, kumudzudzula ndi mau osati ndi manja, kumupatsa mpumulo pa masiku a cikondwerero, ndi kumulipira malipiro okwera pang'onopang'ono. Pambuyo pake ndi pamene woyerayo anatsegula malo akeake: osoka nsapato ndi zovala mu 1853, omanga mabuku mu 1854, a matabwa mu 1856, ndipo osindikiza ndi osula zitsulo anatsatira. Ana ake auzimu, a Salesian, anafika mu Zambia mu 1982, ndipo ali ndi sukulu ya umisiri ku Chingola. Ku Chikowa, m'cigawo ca Kum'mawa, a Comboni akhala akuphunzitsa acinyamata a kumidzi maluso a manja.

Pangano la Don Bosco lija tiliike pambali pa zimene ana athu ambiri amakumana nazo akapita kukaphunzira pa nchito, zimene amaziti atachimenti. Ena amavutika miyezi kufuna kampani yowalandira. Ena akalandiridwa amawatuma kusesa, kugula nsima ndi kutsuka galimoto ya bwana. Ena amagwira nchito yofanana ndi ya mmisiri wolipidwa, koma osalandira ngakhale ya basi, opanda nsapato zolimba, opanda magalasi oteteza maso. Ndipo kwa ana athu aakazi pali msampha wina umene tonse timaudziwa ngakhale sitiuchula. Mwa olemba nchito amenewa muli Akatolika anzathu, ena okhala pa mabenci a kutsogolo. Wansembe wa ku Torino anaona kuti kuteteza wophunzira nchito ndi gawo la utumiki wake, zaka pafupifupi 40 Papa Leo XIII asanalembe kalata ya Rerum Novarum mu 1891. Kodi makomiti athu a Cilungamo ndi Mtendere sangalembe pangano lofanana nalo, la tsamba limodzi, loti mwini garaji kapena mwini shopu yoocherera wa m'parishi asaine pamodzi ndi kholo?

Papa Yohane Paulo II, amene anatiyendera mu Meyi 1989, anali munthu woidziwa nchito ndi thupi lake, popeza pa nthawi ya nkhondo anaphwanya miyala ndi kugwira nchito m'fakitale ya mankhwala ku Kraków. M'kalata yake ya Laborem Exercens ya mu 1981 anaphunzitsa kuti munthu wogwira nchito ndi wamkulu kuposa makina ndi ndalama, ndi kuti ulemu wa nchito umacokera kwa munthu woigwirayo, osati ku mtundu wa nchitoyo. Papa Leo XIV, atasankhidwa mu Meyi 2025, anauza makadinala kuti anatenga dzinalo pokumbukira Leo XIII, cifukwa makina oganiza a masiku ano abweretsanso mafunso a cilungamo ndi ulemu wa wanchito. Ciphunzitso cimeneci cimatipatsa cenjezo pa njira ya ku Kentucky yomwe. Koleji ikamvera kampani imodzi mopitirira, ingathe kuumba munthu wokwanira pa makina a kampaniyo basi, ngati kiyi wa citseko cimodzi. Kampani ikasamuka, munthuyo watha. Nzeru ya a FAME inali yakuti makampani ambiri anakhala pa tebulo limodzi, ndipo wophunzira amatuluka ndi dipuloma ya koleji imene angapite nayo kwina kapena kupitiriza nayo maphunziro. Koleji ndi ya anthu a m'dera. Kampani ndi bwenzi lake, si mwini wake.

Nanga ife a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, amene tilibe migodi ikuluikulu, nkhaniyi ikutikhudza bwanji? Apa ndi pamene mau akuti "zosowa za dera" ayenera kumveka bwino. Kungakhale kupusa kugula loboti yoocherera galimoto m'boma limene mulibe fakitale ya galimoto. Cuma cathu ndi nshawa, soya, mpendadzuwa, thonje, fodya ndi cimanga. Tili ndi makina opunthira thonje, oyengera mafuta, opera ciponde, zigayo m'mudzi uliwonse waukulu, mathirakitala, mapampu oyendera dzuwa, zipangizo za m'zipatala za misioni. Ambiri mwa makina amenewa tsopano ali ndi ubongo wa magetsi m'kati mwake, ndipo akaonongeka mwini wake amadikira munthu wocokera ku Lusaka, kapena kaciwalo kakang'ono kocokera ku Johannesburg. Mnyamata kapena mtsikana wodziwa kuyeza kaciwalo kothyoka, kukajambula pa kompyuta ndi kukasema pa makina tsiku lomwelo, angakhale dalitso kwa alimi a boma lonse. Umenewo ndiwo umisiri wa makono woyenera dera lathu, ndipo mtengo wake sufika madola 24 miliyoni.

Kuti zimenezi zitheke pafunika cinthu cimene sicigulidwa: kukhala pansi pamodzi. Eni zigayo, oyenga mafuta, makampani a thonje, oyang'anira zipatala ndi akulu a sukulu ya Trades ayenera kukumana kawiri kapena katatu pa caka ndi kuwerengerana kuti ndi amisiri angati, a mtundu wanji, amene akufunika. Mutu umodzi susenza denga. Kampani yaing'ono singathe kuphunzitsa ophunzira makumi awiri, koma ingalandire mmodzi kwa masiku atatu pa mlungu. Dayosizi, imene ili ndi magaraji, minda, zipatala ndi masukulu, nayonso ndi wolemba nchito wamkulu, ndipo mau ake amamveka kwa onse. Holo ya parishi ingakhale malo oyamba a msonkhano wotere.

Tinenepo mwacidule za atsikana. Makina olamulidwa ndi kompyuta safuna minofu. Amafuna diso, kudekha ndi masamu. Cifukwa cakale cotsekera mwana wamkazi khomo la umisiri cinatha, cangotsala ndi cizolowezi cathu cotumiza onse ku zosoka ndi zophika.

Kwa inu makolo anzathu amene muli ndi mwana wofuna kulowa sukulu ya umisiri caka cino, tikupempha kuti musatumize ndalama musanapite kukaona ndi maso. Safunsa anadya phula. Yambani mwatsimikiza kuti sukuluyo ndi yolembetsedwa ku TEVETA, ndi kuti maphunziro amene mwanayo akufunawo ali m'gulu la ololedwa pa sukulupo, popeza masukulu ena amalembetsa luso limodzi n'kumaphunzitsa asanu. Pemphani kulowa m'cipinda ca makina pa tsiku la maphunziro, osati pa tsiku la alendo. Werengani makina amene akulira, osati amene aphimbidwa ndi nsalu, ndipo werenganinso ophunzira oimirira pa makina amodzi. Funsani cimene cimacitika magetsi akazima. Funsani ngati sukulu ndiyo imapezera ophunzira malo a atachimenti kapena mwana amadzifunira yekha. Ngati ndalama zikuvuta, mafomu a thandizo la CDF amadzera ku komiti ya citukuko ya wadi yanu, ndipo ndi bwino kuti a mphakati athandize ana amasiye kuwadzaza nthawi isanathe, pakuti amene alibe womuyendera ndiye amatsala.

Funso lotsiriza mulifunse kwa mkulu wa sukulu mwini: mwa amene anatsiriza luso limeneli zaka ziwiri zapitazo, ndi angati akugwira nchito yake, ndipo ali kuti? Sukulu yoyenda bwino imawadziwa ana ake ndi maina, ndipo mkuluyo adzakuuzani kuti uyu ali ku mgodi, uyu ali pa kampani ya thonje, awa awiri anatsegula shopu yao ku msika. Mukatero pitani ku msikako mukaceze nao.